Mphesa Sizidikira, Vinyo Safulumira: Mgwirizano wa Alimi ndi Makampani a ku Champagne

Mphesa zikapsa mumunda sizimva za mawa. Masiku oyenera kuthyola ndi ochepa, ndipo zikathyoledwa zimayenera kufinyidwa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, apo ayi zimayamba kuphulika, kuwira ndi kusasa zili m'dengu. Vinyo ali ndi khalidwe lina. Iye amakhala phee m'botolo kwa zaka, ndipo nthawi zambiri kukhalitsako ndi kumene kumamukometsa. Choncho pamene mlimi wa mphesa akumana ndi wopanga vinyo kuti akambirane mtengo, mmodzi amakhala akuyang'ana dzuwa kuopa kuti katundu wake awonongeka, pamene mnzakeyo angathe kupinda manja n'kunena kuti aganiza kaye. Kusiyana kwa nthawi kumeneku ndiko gwero la mikangano yambiri pakati pa anthu awiriwa kulikonse kumene mphesa zimalimidwa. Alimi a nzimbe a ku Dwangwa kapena a tiyi a ku Mulanje sangavutike kumvetsa, chifukwa nawonso amadziwa mmene zimakhalira kukhala ndi mbewu yosasungika pamaso pa fakitale imodzi. Nkhani ino ikunena za dera la Champagne, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la France, kumene kumachokera vinyo wothetheka uja wotchedwa shampeni. Mfundo yake ndi yakuti chimene chinakweza mlimi wa kumeneko si mtengo wabwino umene wina anamulonjeza ayi, koma mpando umene anaupeza pamalo pamene amagamula kuchuluka kwa mphesa zimene zilowe pamsika chaka chilichonse.

Tiyambe ndi mmene chuma cha deralo chinagawikira, chifukwa n'chachilendo. Minda ya mphesa ya ku Champagne ndi mahekitala pafupifupi 34,000, yomwazikana m'midzi 319. Pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a minda imeneyi ali m'manja mwa alimi okwana ngati 16,000, ndipo ambiri a iwo ali ndi mahekitala awiri kapena kucheperapo. Koma mabotolo ambiri amene amagulitsidwa, oposa magawo awiri mwa atatu, amatuluka m'makampani a mayina otchuka a m'mizinda ya Reims ndi Épernay, monga Moët & Chandon, Veuve Clicquot, Taittinger ndi Pommery. Akakhala malonda a kunja kwa France ndiye gawo la makampaniwa limakula kuposa pamenepo. Mwachidule, nthaka ndi ya alimi, msika ndi wa makampani. Kampani ili ndi mapanga osungiramo vinyo okumbidwa pansi pa nthaka ya choko, ili ndi ndalama zodikirira zaka, ili ndi dzina lodziwika ku London, New York ndi Tokyo, koma minda yake siyikwanira ngakhale pang'ono kudzaza mabotolo ake. Mlimi ali ndi mphesa, koma ambiri alibe njira yofikira kwa womwa wa kutali. Palibe angachite popanda mnzake, komabe kufunana sikutanthauza kufanana mphamvu, ndipo kwa zaka zambiri mphamvu zonse zinali mbali imodzi.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mlimi wa ku Champagne anali munthu wosauka. Kachilombo kotchedwa phylloxera, kamene kamadya mizu ya mpesa, kanafika m'deralo cha m'ma 1890, ndipo alimi anakakamizika kuzula minda n'kudzala mitengo yomezanitsa ndi mizu ya ku America, ntchito yodya ndalama komanso yofuna kudikira zaka zitatu mpesa usanayambe kubala. Nyengo nayo inawaukira: zokolola za 1910 zinatheratu ndi mvula, matalala ndi chuku. Munthu akadayembekezera kuti mphesa zikasowa mtengo ukwera, koma sizinatero, chifukwa makampani ena ankaitanitsa vinyo wotchipa pa sitima za pamtunda kuchokera kuchigwa cha Loire ndi kummwera kwa France, n'kumuthira m'mabotolo olembedwa dzina la Champagne. Anthu otumidwa kukagula mphesa m'midzi ankadziwa kuti mlimi amene wathyola kale alibe kothawira, ndiye ankatchula mtengo umene afuna. Mu January 1911 alimi okwiya anathyola zitseko za malo osungira vinyo ku Damery n'kukhuthula migolo. Mu April chaka chomwecho, atamva kuti aphungu ku Paris akufuna kuthetsa malire a dera la Champagne, anakhamukira ku Aÿ n'kutentha nyumba za makampani angapo, mpaka boma linatumiza asilikali masauzande ambiri. Pa nthawi yomweyo alimi a ku Aube, chakummwera, ankachita zionetsero zawo pa chifukwa chosiyana: malire a 1908 anali atawasiya kunja, ndipo iwo ankafuna kulowa. Lamulo la 1927 ndilo linakhazikitsa malire amene akugwira ntchito mpaka lero, Aube ali mkati.

Malirewo anachita chinthu chachikulu chimene sichionekera msanga. Atangotseka khomo la vinyo wobwera, mphesa za mlimi wa ku Champagne zinasanduka katundu wosalowezeka m'malo. Kampani yofuna kulemba dzina limenelo pabotolo inayenera kugula kwa iyeyo basi. Koma malire paokha sanakwanire. M'zaka za m'ma 1930, chuma cha dziko lonse chitagwa, mapanga anadzaza ndi mabotolo osagulika ndipo mtengo wa mphesa unagweranso pansi. Apa m'pamene mbali ziwirizi zinayamba kukhalira limodzi m'bungwe la ku Châlons la 1935, n'kumakambirana za mtengo, kathyoledwe ndi malire a zokolola. Bungwe lenileni limene lilipo lero, lotchedwa Comité Champagne kapena CIVC, linabadwa mu 1941, dziko lili m'manja mwa asilikali a Germany. Nkhani yake ndi yowawa koma yophunzitsa: Ajeremani anaika munthu wawo, Otto Klaebisch, kuti azitenga shampeni wochuluka sabata iliyonse, ndipo alimi ndi makampani anaona kuti akapita mmodzimmodzi adyedwa onse. Robert-Jean de Vogüé wa ku Moët & Chandon anaimira makampani, Maurice Doyard anaimira alimi. Nkhondo itatha bungwelo silinathe, ndipo dongosolo lake likadali lomwelo: apampando awiri olingana mphamvu, wina wa alimi, wina wa makampani, boma n'kumangosindikiza zimene agwirizana kuti zimange aliyense m'deralo.

Tsopano tione zimene bungweli limachita mphesa zikamayandikira kupsa, chifukwa mgwirizano weniweni umaoneka m'tinthu ting'onoting'ono. Kuyambira 1956 pali gulu la anthu odzipereka amene amayeza mphesa m'minda yosankhidwa, kuona shuga, kuwawasa ndi kulemera kwa matsango, ndipo kuchokera pa zimenezi tsiku loyamba kuthyola limalengezedwa mudzi ndi mudzi, mtundu ndi mtundu, kaya ndi Chardonnay, Pinot Noir kapena Meunier. Makina okolola ndi oletsedwa. Mphesa zimathyoledwa pamanja, matsango ali athunthu, chifukwa mbali yaikulu ya shampeni imachokera ku mphesa zakuda khungu koma zoyera madzi, ndipo zikaphwanyika msanga khungu limadetsa madziwo. Pa chifukwa chomwecho malo ofinyira anamwazidwa m'midzi, pafupifupi 2,000, kuti mphesa zisayende ulendo wautali. Ngakhale kufinya kuli ndi muyeso: pa makilogalamu 4,000 a mphesa amaloledwa kutenga malita 2,550 okha a madzi, 2,050 oyamba amene ndi abwino koposa, ndi 500 otsatira, ndipo zonse zimalembedwa m'kaundula wa pamalopo. Vinyo akalowa m'botolo sangagulitsidwe miyezi 15 isanakwane, ndipo wa chaka chimodzi chosasakaniza amadikira zaka zitatu. Malamulo amenewa amamveka ngati a ukadaulo chabe, koma ali ndi ntchito ina. Amachotsa zifukwa zokanganirana pa sikelo. Pamene muyeso wa mphesa yabwino ndi kuchuluka kwa madzi otuluka m'menemo zinagamulidwa kale ndi onse, wogula sangafike tsiku lokolola n'kupeka chilema chatsopano choti atsitsire mtengo.

Za mtengo, anthu ambiri amakumbukira makwerero a midzi. Mudzi uliwonse unkapatsidwa mlingo wake, ndipo m'zaka zomaliza za dongosololi milingoyo inkayambira pa 80 kufika pa 100. Bungwe likalengeza mtengo wa kilogalamu, midzi 17 ya pamwamba inkalandira mtengo wonse, ina n'kumalandira gawo molingana ndi mlingo wake. Kuyambira 1959 panalinso pangano lalikulu la zaka zingapo lomanga alimi kupereka mphesa ndi makampani kugula. Pangano limeneli linatha mu 1990, ndipo pang'ono ndi pang'ono mtengo unasiyidwa kuti mlimi ndi kampani azikambirana okha, popeza malamulo a mpikisano a ku Ulaya salola kuti gulu lizikhazikitsa mtengo. Akadakhala kuti mtengo wolengezedwa ndiwo unali mzati wa zonse, nyumba ikadagwa pamenepo. Siinagwe. M'zaka zaposachedwa kilogalamu ya mphesa za ku Champagne yakhala ikugulidwa pa mayuro oposa asanu ndi limodzi, mtengo umene alimi a madera ambiri a vinyo sangaulote, ndipo makampani amachita kulimbirana alimi ndi mapangano a zaka zingapo, malipiro n'kumabwera m'zigawo zinayi kuyambira mu December. Umenewu ndi umboni waukulu wa mfundo ya nkhani ino. Chimene chinatsala m'manja mwa bungwe, ndipo chimene chinagwira zonse, ndi mphamvu yogamula makilogalamu amene hekitala iliyonse iloledwe kugulitsa.

Chigamulo chimenechi chimapangidwa chaka ndi chaka, kawirikawiri mu July, poyang'ana zinthu zitatu: mabotolo amene agulidwa, amene ali m'mapanga, omwe amaposa biliyoni imodzi, ndi mmene malonda akuonekera kutsogolo. Kuwerengera kwake n'kovuta chifukwa mphesa zothyoledwa lero zikafika kwa womwa patapita zaka ziwiri, zitatu kapena kuposa. Pambali pa muyeso wogulitsa pali nkhokwe. Chaka chabwino mlimi amaloledwa kuthyola zoonjezera pang'ono, zimene zimafinyidwa n'kusungidwa ngati vinyo wosalowa m'botolo, wolembedwa m'dzina lake, mpaka malire a makilogalamu 8,000 pa hekitala, omwe anakwezedwa kufika 10,000 mu 2023. Chisanu kapena matalala zikawononga munda, vinyo wosungidwa uja amatulutsidwa kukwaniritsa muyeso, kampani n'kulandira katundu wake, mlimi n'kulandira ndalama zake. M'dera lozizira chotere, limene lili chakumapeto kwenikweni kwa kumene mphesa zingapse bwino, nkhokwe imeneyi imagwira ntchito imene inshulansi imalephera, chifukwa inshulansi ingabweze ndalama kwa mlimi koma singadzaze botolo la kampani. Mu 2021 chisanu cha mu April ndi chuku cha m'chilimwe chawo zinadula zokolola kwambiri, ndipo nkhokwe ndiyo inatseka mpatawo.

Wina angatsutse, ndipo ali ndi mfundo, kuti zonsezi ndi chiwembu chovala suti: opanga katundu kupangana kuchepetsa katundu kuti mtengo ukhale pamwamba, wolipira n'kukhala womwa. Chaka cha 2020 chimapereka zida kwa wotsutsayu. Mliri wa Covid-19 utatseka mahotela, maukwati ndi maphwando, makampani anafuna muyeso wotsika kwambiri kuopa kugula mphesa zimene sakazigulitsa, pamene alimi, amene minda yawo inali itabala bwino, anakana. Kukokanakokana kunafika mpaka pa 18 August, ena atayamba kale kuthyola, ndipo anagwirizana pa makilogalamu 8,000 pa hekitala, kutsika kuchoka pa 10,200 a chaka cham'mbuyo. Mphesa zabwinobwino zinasiyidwa m'minda. Mabotolo ogulitsidwa chaka chimenecho anali pafupifupi 244 miliyoni, koma mu 2021 malonda anadumpha kufika cha m'ma 320 miliyoni, ndipo makampani ena anayamba kugawira ogula awo mopimira. Choncho bungwe linaphonya, ndipo kunena kwina kungakhale kubisa. Komabe tifunse kuti kuphonyako kunagwera ndani, ndipo kukadagwera ndani pakadapanda muyeso. Mphesa zonse zikadaloledwa pamsika pa nthawi imene palibe kampani inkafuna kugula, mtengo ukadagwa m'sabata ziwiri zokolola, ndipo mtolo wonse ukadasenzedwa ndi amene katundu wake sasungika. Pansi pa muyeso, mlimi anataya gawo la zokolola koma mtengo wa kilogalamu unangotsika pang'ono, kampani nayo inagula mphesa zimene panthawiyo inalibe chitsimikizo choti ikazigulitsa. Kunena za womwa, shampeni si ufa kapena mankhwala. Amene waona kuti wakwera ali ndi Prosecco wa ku Italy, Cava wa ku Spain, Cap Classique wa ku South Africa, ndipo ambiri akusankhadi zimenezo.

Kuti tione mbali inayo, kumene kulibe muyeso, sitisowa kuyerekeza, chifukwa zinachitika. Dziko la China litaika msonkho wofika mpaka kuposa 200 pa 100 pa vinyo wa ku Australia kuyambira kumapeto kwa 2020, mathanki a makampani anadzaza ndi vinyo wofiira wopanda wogula. Kudera la Riverland, kumene alimi ambiri amagulitsa mphesa kwa makampani akuluakulu ochepa, mitengo inatsika kufika pansi pa ndalama zolimira, ena anasiya mphesa kuti ziwolere mumunda, ena n'kuzula mipesa imene makolo awo anadzala. Msonkhowo unachotsedwa mu March 2024, koma mpesa wozulidwa subwerera ndi chilengezo cha boma. Kumeneko nakonso mphesa zinatayika, monga ku Champagne mu 2020. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Champagne kutayako kunagawidwa mofanana pa hekitala iliyonse, mbali zonse zitakambirana, pamene ku Riverland aliyense anafa yekha.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba, ndipo chikuchokera kufupi ndi kwathu. Ku South Africa alimi anakhazikitsa bungwe la KWV ku Paarl mu 1918 pa chifukwa chofanana, mphesa zitachuluka mitengo n'kugwa. Boma linapatsa bungweli mphamvu zoika mtengo wotsikitsitsa, ndipo kuyambira 1957 mpaka 1992 linkagawa muyeso wa zokolola famu ndi famu. Zotsatira zake sizinali zonyaditsa: mlimi ankalipidwa pa kulemera kwa katundu, mphesa zambiri zinkathera kophikira brande, ndipo amene ankafuna kudzala m'madera atsopano ozizira ankatsekerezedwa ndi malamulo. Ngati kulamulira kuchuluka kunali mankhwala, bwanji kumeneko kunabala ulesi? Yankho lili pa amene anakhala pampando. KWV linali bungwe la mbali imodzi, alimi achizungu otetezedwa ndi boma la tsankho, ndipo linkagula zotsala zonse, motero mlimi analibe chifukwa chofunsira ngati vinyo wake akumwedwa. Ku Champagne palibe amene amagula zotsala. Muyeso umakambidwa ndi anthu amene mawa lake ayenera kukagulitsa botololo, ndipo iwo sangavomere nambala imene msika sungameze, monganso alimi sangavomere nambala imene singalipire ngongole za munda. Kukangana kwa pachaka kuja, kumene atolankhani amakulemba ngati chizindikiro cha kusweka, ndiko kumachititsa kuti nambalayo isatalikire choonadi. Malonda atatsika kuchoka pa mabotolo pafupifupi 326 miliyoni mu 2022 kufika 299 miliyoni mu 2023 ndi 271 miliyoni mu 2024, muyeso nawo unatsika kuchoka pa 12,000 kufika 11,400, kenaka 10,000, ndipo mu 2025 unafika 9,000. Alimi sanakondwe, koma anasaina.

Pali zina zimene dongosololi silinakonze, ndipo zina linachita kuzikulitsa. Chifukwa malire ndi otseka ndipo mphesa n'zodula, hekitala imodzi ya munda imagulidwa pa ndalama zoposa mayuro miliyoni imodzi. Mwana wa mlimi amalandira chuma chimene msonkho wake wa chamasiye ungamukakamize kugulitsa, ndipo mlendo wofuna kuyamba ulimi alibe polowera. Mphamvu za makampani nazonso sizinagawike mofanana: gulu la LVMH lokha lili ndi Moët & Chandon, Veuve Clicquot, Ruinart, Krug ndi Mercier, ndipo mtengo umene gululi lapereka ndi umene ena onse amayang'anira. Makampani ang'onoang'ono amadandaula kuti mphesa zawakwerera. Alimi anadzitchinjiriza pomanga makopaletivi awo, amene ena, monga Nicolas Feuillatte, akugulitsa mabotolo mamiliyoni m'dzina lawolawo, ndipo alimi masauzande angapo amapanga shampeni wawo pakhomo. Izi n'zofunika kuposa mmene zimaonekera, chifukwa mlimi amene angathe kufinya mphesa zake n'kusunga vinyo wasiya kukhala munthu wa katundu wowola, ndipo akakhala pokambirana amatha kukana.

Amene sanapezebe mpando ndi wothyola. Anthu oposa 100,000 amafunika kwa sabata ziwiri kapena zitatu, ambiri ochokera ku Poland, Bulgaria, Romania ndi maiko a kumadzulo kwa Africa, ndipo ochuluka salembedwa ndi mlimi kapena kampani mwachindunji koma kudzera mwa makontalakitala. Mu September 2023, kutentha kutafika poipa, othyola asanu anamwalira m'deralo. Nyengo yomweyo akuluakulu a boma anapeza anthu oposa makumi asanu, ambiri a ku Mali, Mauritania ndi Senegal, atasungidwa m'nyumba yosayenera kukhalamo munthu, ndipo mu July 2025 khoti la ku Châlons-en-Champagne linapeza anthu atatu olakwa pa mlandu wozembetsa ndi kudyera anzawo masuku pamutu. Comité Champagne inalowa nawo m'mlanduwo kumbali ya odandaula, n'kukhazikitsa ndondomeko zatsopano zokhudza malo ogona, chitetezo pa kutentha ndi kalembera wa makontalakitala. Zimenezo n'zabwino, koma zikuchokera pamwamba, monga mmene chifundo cha makampani ena chinkafikira alimi chisanafike chaka cha 1911. Bungwe limene limadziwa malita otuluka m'makilogalamu 4,000 alionse, m'malo ofinyira onse a m'midzi 319, lili ndi luso lokwanira kudziwanso kumene wothyola aliyense wagona ndi ndalama imene walandira. Pamene nyengo ikutentha ndipo kukolola kukumayamba mu August kawirikawiri kuposa kale, masiku othyola akupanikizika, ndipo funso la amene amayankhulira anthu amenewa pa msonkhano wa mu July likhala likubwera chaka chilichonse.